Kicheni Pate Yopanda Mkwati

Amayi anga ndi munthu wa makicheni pate. Kuyambira ndili mwana, Loweruka likafika ankadzuka m'mamawa, kusita chitenje, kukulunga mphatso m'pepala lonyezimira, n'kutuluka m'nyumba mwathu ku Chelstone akununkhira ngati wokwatiwayo ndi iwo. Kwa amene sakudziwa, kicheni pate ndi phwando la amayi okhaokha limene timachitira mtsikana kuno ku Lusaka ukwati wake ukayandikira. Amamupatsa mapoto, mbale, sitovu, firiji, ndi malangizo ochuluka kuposa mapotowo. Phwandolo limayendetsedwa ndi komiti ya amayi amene amasonkha ndalama, kugula chitenje chofanana, ndi kukangana kwa miyezi za amene adzaphike mpunga.

Amayi anakhala m'makomiti otere zaka zonse zimene anaphunzitsa ku pulayimale, ndipo atapuma pantchito anachita kuwonjezera. Ana a anzawo a kutchalitchi, ana a aphunzitsi anzawo, ana a anthu amene anangodziwana nawo pa mzere wa kuchipatala, onsewo anawavinira. M'kabati mwawo munadzaza zitenje za makomiti, ndipo chilichonse ankachidziwa mwini wake. Ichi n'cha mwana wa uje wa ku Kabwata, ukwati unatha. Ichi n'cha wa ku Woodlands uja, ali ndi ana atatu tsopano. Ine zonsezi zinkanditopetsa. Ndinkawauza kuti ndalama zimene athera pa zitenje zikanamanga kanyumba ka lendi kuseri, iwo n'kungoti, "Iwe siuziba vintu," osatembenuka n'komwe.

Chimene ankadziwa iwo n'chakuti kicheni pate si mphatso wamba. Amene wamusonkhera lero amadziwa kuti tsiku lina adzakusonkhera, ndipo palibe amene amaiwala kuti uje anabweretsa chiyani. Ine ndine mwana wamkazi mmodzi yekha pakati pa anyamata, bambo anatisiya ndili ku sekondale, ndiye amayi anali ndi tsiku limodzi lokha loti adzalandire. Sankabisa. Ankaliyembekeza tsikulo, pamene amayi onse amene iwo anawavinira adzabwere kudzavina pabwalo pathu, iwo atakhala kutsogolo.

Vuto linali lakuti ine ndinalibe changu cha ukwati. Ndinali nditamaliza digiri yoyamba ya zachuma, ndikugwira ntchito ya kontilakiti mu ofesi ina pafupi ndi Cairo Road. Ntchito yanga inali kupita ku msika waukulu wa Soweto, kuponda matope pakati pa matumba a chimanga ndi anyezi ndikufunsa mitengo, kubwerera n'kulowetsa manambalawo mu kompyuta, kuti anthu a madigiri awiri akawafotokoze pa misonkhano ya m'mahotela. Lipoti likatuluka, dzina langa linkakhala pansi penipeni, pa malo othokoza, pafupi ndi la dalaivala. Zinkandiwawa. Ndinkafuna digiri yachiwiri, ndipo ndinkaifuna ndi mtima wonse.

Chaka ndi chaka ndinkapempha thandizo ku mabungwe amene amalipirira ophunzira a zachuma ndi zandale. Amene sanachitepo sadziwa kuti kupempha sikolashipu ndi ntchito payokha. Umalemba mbiri ya moyo wako ngati kuti unabadwa ukuganiza za mtengo wa feteleza. Umathamangitsana ndi aphunzitsi ako akale kuti akulembere umboni, iwo atakuiwala kalekale. Ukatero umadikira, ndipo yankho likayamba ndi kukuyamikira chifukwa cha luso lako, umadziwiratu kuti wagwa. Ndinazolowera mpaka ndinkangowerenga mzere woyamba n'kutseka.

Chaka chimene ndinasiya kuyembekeza ndi chimene anandivomera. Uthenga unandipeza m'minibasi titaima pa mdipiti wa magalimoto mu Great East Road, ndipo ndinakuwa mpaka kondakitala anafunsa ngati wina wandibera foni. Yunivesite ina ya ku South Africa inandipatsa malo, ndipo bungwe lina linavomera kulipira fizi yonse. Nditafika kunyumba n'kuwerenganso mtima uli m'malo, m'pamene ndinaona mbali yotsalayo. Bungwelo linkalipira fizi yokha. Ulendo, pogona, chakudya ndi zachipatala zinali zanga, ndipo ndinayenera kuonetsa kuti ndalama za chaka choyamba ndili nazo pofika kumayambiriro kwa Novembala. Ndikalephera, malowo apita kwa wina amene anali pa mzere kumbuyo kwanga.

Ndinayamba ndi ku banki. Mtsikana wa pa desiki anali waulemu, anandipatsa madzi ozizira, kenako anandiuza kuti anthu a kontilakiti sawakongoza. Kuntchito abwana anandigwira dzanja nati ndawanyaditsa, n'kufunsa kuti ndikachoka kompyuta yanga atenge ndani. Azichimwene anga anali ndi mtima koma analibe kanthu, wina anali atangobadwitsa mwana, wina ntchito itamuthera.

Ndiye ndinapita ku Kabulonga kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anagwira ntchito m'boma n'kumanga nyumba ya mpanda wautali. Anandilandira bwino pakhonde, anaitanitsa juwisi.

"Ekonomikisi? Ni chabwino maningi," anatero. "Ise tinaphunzila na ndalama za boma, mwana wanga. Manje vintu vinachinja. Ufunika kunkala na pulani."

"Pulani nili nayo, ba ankolo. Chasala ni ndalama."

Anaseka kwambiri, nati pakamwa ndinatengera amayi anga. Kenako anandifotokozera za denga la nyumba ya ku famu, za fizi ya ana awo, ndi za mmene dola yakwerera, ngati kuti ine mtengo wa dola ndinkaumva koyamba. Potsanzikana anandipatsa ya minibasi. Sindinakwere. Ndinayenda pansi mtunda wautali m'munsi mwa mitengo ya jakaranda imene inali itachita maluwa, ndikuwanena amalume mumtima mawu amene sindingawalembe pano.

Amayi ndinali ndisanawapemphe kanthu. Penshoni yawo ndinkaidziwa, ndipo maganizo awo ndinkawadziwanso. Tsiku limene ndinawauza za sikolashipu anati, "Tiyamika Mulungu," koma ndi mawu ozizira. Nkhani inadzaphulika Lamlungu lina masana, tikusankha nyemba pakhonde.

"Uzabwela uli na zaka zingati?" anafunsa, maso ali pa lichero.

"Ni zaka zibili chabe, mami."

"Zibili pamwamba pa izi zamene uli nazo. Banzako bana babo bali ku giledi fo. Iwe ufuna kukwatiwa na mabuku?"

Ndinapsa mtima. Ndinati mabuku sanathamangitsepo mkazi panyumba, ndipo ndinatchula atsikana awiri amene amayi anawavinira, amene anali atabwerera kwa makolo awo ndi mafiriji awo omwe. Amayi ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Tinakhala masiku angapo tikulankhulana za magetsi ndi za mchere basi.

Pamenepo n'kuti nditagonja. Madzulo ena ndinaimbira mchimwene wanga wamkulu ndili pakhonde, ndinamuuza kuti ndikana malowo, wina apite. Windo la kukhitchini linali lotsegula. Mawa lake pochokera kuntchito ndinapeza amayi atakhala pa sofa, atavala magalasi, akuimbira anthu foni mmodzimmodzi ndi mawu awo a mphunzitsi aja.

"Niitana komiti," anatero atadula.

"Komiti ya ndani?"

"Yako."

Ndinaganiza kuti andipezera mwamuna kutchalitchi, mwina mkulu uja woimba gitala amene ankandipatsa moni ndi manja awiri.

"Mami, kulibe mwamuna."

"Niziba, nili na maso. Aba bazimai nabavinila zaka zambili, bali na vanga. Kapena nizatenga mapoto, kapena nizatenga sukulu. Iwe mapoto siufuna."

Ndinakhala pansi. Nditamvetsa chimene akutanthauza, ndinati bwanji tingochita sendofu, phwando lotsanzikana monga amachitira ena akamapita kunja. Amayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ku sendofu bantu babwela na vesi. Bakupempelela, badya nkuku yako, bayenda. Ku kicheni pate muntu aziba vamene ninapasa mwana wake, sangabwele chimanjamanja." Kenako anawonjezera mawu atatsika, "Koma uzibe, ni iyi chabe. Ukazakwatiwa kulibe inangu."

Ndinamva chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti tsikuli alidikira zaka zingati. Ndinawauza kuti asatero, ndidzayesanso chaka chamawa, mwina ndidzapeza bungwe lolipira zonse. Anati chaka chamawa ndidzakhala nditakalamba kuposa pano, ndipo ndipite ndikateleke madzi a tiyi.

Komiti inakumana kwathu Loweruka lotsatira. Wapampando anali mnzawo wa amayi wa ku Kabwata, mayi wathupi, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, amene tonse timangowatchula kuti Ba Matironi chifukwa ndi amene amatsogolera mkwatibwi pa maphwando ambiri. Amayi anga nawo aliyense amawatchula kuti ba ticha. Ine ndinkagawa tiyi ndi masikono, makutu ali tcheru.

Amayi anafotokoza zonse. Kenako mayi wina wa ku Woodlands, amene ankaimba nawo kwaya, anaika kapu pansi.

"Ba ticha, ivi sininavimvelepo. Kicheni pate yopanda mwamuna? Muzamumanga mwana, sazakakwatiwa."

"Bantu bazakamba ati ali na mimba, mwamuna anathaba," anatero wina.

Akazi a abusa anapempha mofatsa kuti tiitchule mapemphero oyamika. Ena anangoyang'ana mafoni awo. Ine magazi anali atawira, ndipo pakamwa panali patatseguka kale, koma Ba Matironi anandiponda phazi n'kutenga sikono m'mbale imene ndinanyamula.

"Ine nifunseko," anatero. "Ba ticha banasonkela mwana wanu?"

"Banasonka."

"Nanga wanu?"

"Banasonka."

"Banafunsa ngati mwamuna ni wabwino? Mukamwini wanga uja anali chakolwa, Kabwata yonse inaziba, ba ticha nabo banaziba. Koma banabwela, banasonka pa sitovu, banavina. Manje imwe mufuna muone mwamuna poyamba? Sitisonkela mwamuna ise. Tisonkela mwana wa munzatu."

Ambiri anaseka n'kuvomera, koma osati onse. Mayi wa ku Woodlands uja ndi ena awiri sanabwerenso. Kutchalitchi mphekesera ya mimba ija inayenda ndithu, moti pa nthawi ya chopereka ndinkaona amayi ena akundiyang'ana pamimba. Ine zinkangondikwiyitsa, koma amayi zinawapweteka. Munthu amene ankakhala mzere wachiwiri kwa zaka zonsezo anayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo mapemphero akatha sankaimanso panja kucheza. Pamaso panga sanadandaule ngakhale kamodzi.

Otsalawo anagwira ntchito mwa chizolowezi chawo. Anagwirizana kuti m'malo mwa mapoto aliyense abweretse envulopu, ndipo ndalama imene komiti ikanagulira firiji ndi sitovu ipite ku akaunti yanga. Ine ndinapempha kuti chitenje cha komiti chisagulidwe, tenti isabwerekedwe, zonsezo ziwonjezere pa ulendo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ba Matironi anandikokera ku Kamwala tsiku lotentha, tinalowa shopu ndi shopu tikuzembana ndi mawilibala, iwo akugwira nsalu iliyonse n'kuinyoza pamaso pa mwini shopu, mpaka anapeza chitenje chabuluu cha nyenyezi zachikasu. Mpukutuwo ndinanyamula ine mpaka pokwerera minibasi, ndikung'ung'udza njira yonse.

Tsikulo linafika, Loweruka la mu Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Tenti inadzaza pabwalo pathu mpaka mipando ina inatulukira kumsewu. Ena anabwera chifukwa cha amayi, ena anabwera kudzaona ngati mimbayo ikuoneka, koma anabwera. Alangizi anafika ndi ng'oma zawo n'kunditsekera m'chipinda cha amayi.

Pa kicheni pate mkwatibwi salowa akuyenda ngati munthu wamba. Amamufunditsa chitenje chachikulu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amalowa atawerama, pang'onopang'ono, pakati pa matironi ndi mlangizi, ng'oma zikulira. Akafika amamukhazika pa mphasa miyendo itatambasuka, mutu pansi, osaseka. Zonsezi anandichita. Nditayesa kufunsa ngati n'zofunika, Ba Matironi anati, "Chete iwe, nabwinga sakamba," kutanthauza ine mkwatibwi, n'kundiponyera chitenje kumutu.

Pansi pa chitenjecho munali kamdima kabuluu ndi kutentha koopsa. Ndinkangoona mapazi anga ndi m'mphepete mwa mphasa, thukuta likutsikira kumsana. Pemphero linatha, nyimbo inatha, ng'oma zinasintha kaliridwe, nthungululu zinakwera. Ba Matironi anatenga maikolofoni n'kunena mawu amene akhala akunena Loweruka lililonse kwa zaka zambiri, oitana mkwati:

"Manje tiitana ba shibwinga, babwele bavundukule mukazi wabo!"

Ng'oma zinapitirira pang'ono. Kenako imodzi inaleka, inzake n'kutsatira.

Mwambo wake ndi wakuti mkwati amalowa ndi maluwa, alongo ake akumuperekeza, amaika ndalama pa mphasa, amagwada, n'kupinda chitenjecho kuchokera kumapazi mpaka nkhope ya mkazi wake ionekere. Ndi mphindi imene mayi wa mtsikana amaidikira pa phwando lonselo. Komiti inali itakambirana za mpunga, za mipando, za mtundu wa maluwa a pa matebulo, za amene adzatsegule ndi pemphero, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira kuti munthu ukamufunditsa pamafunika womuvundukula. Manja awo anangochita zimene anazolowera, ndipo ine ndinali nditakhala pamenepo ngati katundu wopanda mwini.

Ndinamva Ba Matironi akuti, "Mayo ine," chapansipansi, osadziwa kuti maikolofoni ikadali pakamwa. Wina kumbuyo anaseka. Wina anati, "Tinakamba ise." Wina anati aitane mchimwene wanga amene ankathandiza kunyamula makireti kuseri, mnzake n'kumudzudzula kuti mlongo savundukula mlongo wake, amenewo ndi malaulo. Ndinachita manyazi aakulu, osati chifukwa cha ine, koma chifukwa cha amayi, amene ndinkadziwa kuti akhala kutsogolo anthu onse akuwayang'ana. Ndinagwira m'mphepete mwa chitenje kuti ndichitaye ndekha n'kuimirira, ndiwauze onse osekawo kuti atenge maenvulopu awo azipita. Mlangizi wa pambali panga anandikanikiza bondo mwamphamvu.

Kenako ndinaona mapazi akubwera. Nsapato zakuda zafulati, zimene amayi amavala kutchalitchi, ndi akakolo awo otupa. Anaima pamaso panga. Amayi amavutika ndi mawondo, ndipo anali atasiya kugwada ngakhale popemphera, koma ndinamva akugwada, bondo limodzi kenako linzake, akupumira m'mwamba. Ndalama yapepala inagwera pa mphasa pafupi ndi phazi langa, monga mwambo umafunira.

"Lizani ng'oma," anatero, osakweza mawu. "Uyu nine ninamufunditsa kuyambila ali kamwana. Nine nizamuvundukula."

Ng'oma zinayambanso, poyamba mokayika, kenako mwamphamvu. Amayi anapinda chitenjecho pang'onopang'ono, osadumpha kanthu, kuchokera kumapazi, kufika m'mawondo, m'chifuwa, mpaka kuwala kunandimenya m'maso. Mkwatibwi saloledwa kudzutsa mutu, koma ine ndinadzutsa. Nkhope yawo inali pafupi ndi yanga, paudala atasungunuka ndi thukuta, maso ali ofiira. Anandigwira chibwano n'kunena kuti ndimve ndekha, "Osalila, uzaononga mekapu ya bene. Yenda ukaphunzile."

Ndinalira basi, ndipo mekapu inaonongekadi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika, ndipo panafunika anthu awiri kuti awadzutse amayi anga pa mphasapo.

Zitatero phwando linayenda lokha. Pa kicheni pate aliyense amaitanidwa, amavina, n'kufotokozera mkwatibwi ntchito ya mphatso yake. Ndi maenvulopu anayamba movutika, koma sanachedwe kupeza njira. "Iyi ni ya buledi, usakakomoke mu laibulale." "Iyi ni ya jekete, kuja kuzizila maningi." "Iyi ni ya ndeke, koma ya kubwelela, osati kuyenda chabe." Mayi wina wogulitsa tomato ku Soweto, amene ana ake onse anaphunzitsidwa ndi amayi, anavina mpaka fumbi linakwera, nati, "Ukabwele utiuze chifukwa chake unga udula." Azakhali anga anakana za envulopu. Anabwera ndi poto wamkulu, nati munthu sangachoke pa kicheni pate wopanda poto, ndipo anandifotokozera kagwiritsidwe kake mwatsatanetsatane ngati kuti poto ndinkamuona koyamba. Akazi a amalume a ku Kabulonga anabweranso, anavina mwaulemu osatukula mapazi, ndipo envulopu yawo inali yonenepa moti amalume ndinawakhululukira pomwepo.

Ndalama zinakwana. Sizinasefukire, koma zinakwana chaka choyamba, ndipo umboni ndinatumiza nthawi isanathe. Chaka chachiwiri ndinadzithandiza ndekha pochonga mayeso a ophunzira a digiri yoyamba. Sukuluyo inali yovuta kuposa mmene ndinkaganizira, masamu ake anandiliza kangapo, ndipo nthawi ina ndinafunadi kulongedza. Koma ndikaganiza zokatsika basi ku Lusaka n'kukumana ndi Ba Matironi ndilibe pepala m'manja, ndinkatsegulanso buku.

Bungwe lolipira fizi lija ndinkalilembera malipoti, ndipo ndimaliyamikira mpaka lero, pakuti popanda ilo pakanakhala palibe poyambira. Amayi aja sanafune lipoti. Amangondiimitsa pamsika kapena kutchalitchi n'kundifunsa za mtengo wa ufa, ndipo ndikayamba kufotokoza za chilala ndi za kwacha amangoti, "Mm, masitazi yatu iyo," osamvera n'komwe. M'makomiti a ana awo ndimakhalamo tsopano, ndimasonkha, ndimavala chitenje, ndipo ndimavina, ngakhale kuti ndimavina moipa komanso ndimaonabe kuti maphwandowa amatalika mopitirira muyeso.

Patapita zaka zingapo chibwerereni, ndinapeza munthu wofatsa kuntchito yanga yatsopano, ndipo tinagwirizana za ukwati. Nkhani itamveka, Ba Matironi anafika ku Chelstone ndi amayi ena a komiti ija, akuyendera ndodo tsopano koma mawu ali omwewo. Ngakhale mayi wa ku Woodlands uja anabwera nawo, atanyamula keke. Anati ija inali ya sukulu, saiwerengera, tsopano achite yeniyeni kuti ba ticha aone mkamwini akugwada pa mphasa. Ndinayang'ana amayi. Ankaifuna, ndinaona pankhope pawo, ndi mmene ankasisitira bondo.

"Awe," anatero pomaliza. "Ine ninalandila kale. Kuli benangu bali na bana bakazi, bayembekeza."

Anzawo anawakakamiza. Ine ndinawakakamizanso, ndinati ndilipira zonse ndekha, wina asasonkhe kanthu. Anati kicheni pate yodzilipirira wekha si kicheni pate, ndi phwando chabe, ndipo anadzuka kukadula keke ija.

Tinakwatirana kutchalitchi, tinadya chakudya chamasana pabwalo pathu ndi anthu ochepa, ndipo amayi anaseka ndi aliyense. Sanaone mwamuna akuvundukula mwana wawo, ndipo sadzaonanso. Iwo sananenepo kuti anataya kanthu. Ndine amene ndimanena, ndipo nthawi zonse ndikayamba kuwathokoza amandiuza kuti ndisiye phokoso.